Chikhulupiriro Chobisika m'Masewera Ophunzitsa Ana Ndalama

M'sukulu zambiri zapulayimale za boma m'Malawi muno tsopano muli nthawi imene ana a Sitandade 1 mpaka 4 amaika makope pambali, n'kuvala mahedifoni, aliyense tabuleti m'manja. Mawu a m'makinamo amalankhula Chichewa. Amauza mwana kuti awerenge zinthu zimene zaoneka pagalasi ndi kukokera nambala pamalo pake. Akakhoza amamuyamikira, akalakwa amamupatsa mpata woyesanso popanda kumukalipira. Ndondomeko imeneyi, yotchedwa BEFIT, boma linaiyamba mu 2023 ndi cholinga chofikira sukulu zake zonse zapulayimale, ndipo mapulogalamu ake ndi a bungwe la ku Britain la onebillion. Mizu yake ili pasukulu ya Biwi ku Lilongwe, pamene mu 2013 Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham anatsatira ana 318 a Sitandade 1 mpaka 3 kwa milungu 8. Ana amene ankachita masamu pa tabuleti theka la ola patsiku, makamaka a Sitandade 2 ndi 3, anapita patsogolo kuposa anzawo amene ankaphunzira mwa masiku onse. Mu 2019 bungwe la onebillion linagawana ndi a Kitkit School mphoto ya Global Learning XPRIZE, mapulogalamu awo atayesedwa m'midzi ya ku Tanzania kwa miyezi 15. Zoti masewera a pa makina angathe kuphunzitsa mwana kuwerengera, umboni ulipo ndipo sindikufuna kulimbana nawo. Nkhani imavuta pamene masewerawo achoka pa kuwerenga mango n'kufika pa ndalama, monga amachitira ambiri amene makolo amaikira ana m'mafoni: kugula, kugulitsa, kusunga, kubwereka, kupindula. Pamenepo makina aja amayamba kuyankha funso limene si la masamu konse.

Masewera aliwonse amakhala ndi lamulo lonena kuti wapambana ndani. Pa bawo wapambana ndi amene wadya njere za mnzake mpaka kumusowetsa pogwira, ndipo palibe amadabwa nazo chifukwa njerezo zimabwereranso m'mabowo masewera ena akamayamba. Pa masewera a masamu okhaokha, lamulo la kupambana limagwirizana ndi choonadi: wanena kuti 7 kuphatikiza 5 ndi 12 wakhoza, ndipo Mkhristu, Msilamu ndi wosapemphera onse avomereza. Koma wopanga masewera a ndalama sangathawe kusankha chimene achitche kupambana. Kodi ndi kukhala ndi ndalama zambiri pomaliza? Kodi ndi kusagwa m'ngongole? Kodi ndi kudyetsa banja chaka chathunthu, kapena kufika kumapeto popanda mnzako aliyense kugona ndi njala? Yankho lililonse pamenepa ndi chiphunzitso cha zimene ndalama zinabwerera, nkhani imene aneneri, ansembe, mashehe ndi anthanthi akhala akukanganirana kwa zaka zikwi. Ambiri mwa masewera amenewa anasankha yankho loyamba, ndipo salinena ndi mawu. Amangolemba nambala pakona ya galasi, nambalayo ikakwera nyimbo imalira, nyenyezi zimagwa. Mwana wosewera masana onse walandira yankholo kambirimbiri, nthawi zambiri kuposa mmene angamvere ulaliki uliwonse m'chaka. Mfundo yanga ndi yakuti masewera ophunzitsa ndalama ndi katekisimu, ndipo tiyenera kuwawerenga ndi maso omwe timawerengera katekisimu tisanampatse mwana.

Kukayikira kotereku si kwa dzulo. Plato, m'buku lake lomaliza lonena za malamulo, anayamikira Aiguputo chifukwa chophunzitsa ana masamu mwa masewera: ankawapatsa maapozi ndi nkhata za maluwa kuti agawe pakati pa anthu ambiri kapena ochepa, ankawauza kuti akonze ndandanda wa omenyana nkhonya ndi ogwetsana, ankasakaniza mbale zagolide, zasiliva ndi zamkuwa kuti ana azisiyanitse. Munthu ameneyu akanaona tabuleti ya ku Biwi akanaikonda. Koma m'buku lomwelo anachenjezanso kuti masewera a ana ndi amene amaonetsa ngati malamulo a dziko akhalitse kapena ayi, chifukwa ana osewera mosiyana ndi makolo awo amakula kukhala anthu ofuna moyo wina ndi malamulo ena. Wophunzira wake Aristotle anali wouma mtima pang'ono pa nkhaniyi. Iye ankaona kuti kuphunzira si kusewera, kumabwera ndi zowawa zake. Komabe ndi Aristotle yemweyo amene anatisiyira kusiyanitsa kumene kukufunika pano. Anati pali luso lopezera banja zofunika, limene lili ndi malire chifukwa mimba ndi nyumba zimakhuta, ndipo pali luso lochulukitsa ndalama chifukwa cha ndalamazo, limene lilibe poimira. Nambala ya pakona ya galasi ija ilibe malo amene imati basi zakwana. Mwa kapangidwe kake, ili mbali ya luso lachiwirilo.

Chitsanzo chomveka bwino cha mmene lamulo la kupambana limagonjetsera cholinga cha mphunzitsi ndi masewera a Monopoly. Mu 1904 mayi wina wa ku America, Elizabeth Magie, analembetsa kuboma masewera amene anawatcha The Landlord's Game. Mayiyu ankatsatira maganizo a Henry George, amene ankaphunzitsa kuti umphawi umakula pamene anthu ochepa akundika malo n'kumadyera lendi. Cholinga cha Magie chinali choti osewera amve m'thupi mwawo kuipa kwa dongosolo lotere. Masewera ake anadzakhala ndi malamulo a mitundu iwiri: ena oti chuma chikapangidwa onse apindule, ena oti mmodzi amalize anzake onse. Anthu anakonda achiwiriwo. Pofika mu 1935 kampani ya Parker Brothers inali kugulitsa Monopoly ngati nzeru za Charles Darrow, ndipo Magie inamugula ufulu wake ndi madola 500. Masewera amene anapangidwa kuti adzudzule eni malo adyera anasanduka sukulu yosangalalira kukhala mwini malo wadyera, ndipo mibadwo ya ana yaseka mokondwa m'bale wawo akugulitsa kanyumba kake komaliza. Palibe amene anasintha chiphunzitso cha Henry George kapena kuchitsutsa ndi mfundo. Chinangogonja chifukwa chokoma pamasewerapo chinali kumaliza anzako. Zimene wopanga masewera walemba pa chikuto zimalemera pang'ono poyerekeza ndi zimene wosewera amalandirira chimwemwe.

Tiyang'ane pafupi masewera amodzi a pa kompyuta amene ena ambiri anatengerako. Lemonade Stand inapangidwa mu 1973 ku Minnesota ndi Bob Jamison wa bungwe la MECC, ndipo inafala kwambiri italowa m'makompyuta a Apple II mu 1979. Mwana amakhala ndi kabenchi kogulitsira chakumwa cha mandimu. M'mawa uliwonse amauzidwa za nyengo, kenako amasankha makapu angati akonze, zikwangwani zingati alipire, ndi mtengo wa kapu imodzi. Kukatentha angathe kukweza mtengo, kukagwa chimvula mpamba wonse wa tsikulo wapita. Madzulo makina amamuwerengera phindu. Ndi masewera anzeru ndithu, ndipo mwana amatolamo zoona zenizeni za mpamba, zolowa ndi zotuluka. Koma ogula a mmenemo alibe nkhope. Palibe amene amabwera ndi ndalama yoperewera, palibe wodwala, palibe woti mawa mukakumana naye pamaliro. Tsono taonani mayi wogulitsa tomato pamsika uliwonse kwathu kuno. Amadziwa mpamba wake mpaka kwacha yomaliza, komabe amaika basela pamulu wa kasitomala wake wakale, amakongoza mnansi amene mwamuna wake ali m'chipatala, amalola wina kunenerera ndipo wina amamukaniza, ndipo tsiku la maliro a mnzake wa pabenchi loyandikana amasonkha nawo chipepeso. Mu Lemonade Stand zonsezi zikanawerengedwa ngati kulakwitsa, chifukwa chilichonse mwa izo chimatsitsa nambala ija. Pamsika weniweni ndi zimene zimachititsa kuti mayiyo akhale ndi ogula chaka chamawa, ndiponso ndi zimene zimamusunga kukhala munthu pakati pa anthu.

Zipembedzo zimene zili pakati pathu sizinadane ndi masamu a ndalama. Zinawalemekeza kwambiri, koma zinawaika pantchito ina. Buku la Levitiko limalamula miyeso ndi masikelo oona, ndipo m'chaputala chomwecho cha 19 limauza mwini munda kuti asakolole mpaka m'mphepete, asiyireko osauka ndi alendo. Mneneri Amosi anakalipira amalonda ochepetsa muyeso ndi kukweza mtengo, anthu odziwa masamu bwino lomwe. Ku Chisilamu, munthu sangapereke zakaati yake ya 2.5 peresenti popanda kuwerengera chuma chake molondola, ndipo buku la al-Khwarizmi limene linalembedwa ku Baghdad cha m'ma 820, lomwe ndi gwero la algebra amene ana athu amalimbana naye kusekondale, gawo lake lalikulu ndi la kagawidwe ka chuma cha masiye motsata malamulo a chipembedzo. Anthu ankaphunzira kugawa manambala kuti mkazi wamasiye ndi mwana wamkazi alandire gawo lawo lenileni. M'miyambo imeneyi funso la masamu limakhala lakuti mnzanga ndimupatse zingati kuti ndisamubere. Fanizo la Yesu la mwini chuma wopusa, mu Luka 12, ndi lochititsa mantha pa chifukwa chomwechi. Munthu uja sanalakwitse sitepe ina iliyonse. Zokolola zinachuluka, anaona kuti nkhokwe zachepa, anakonza zomanga zazikulu, anawerengera zaka zambiri za mtsogolo. M'masewera ambiri ophunzitsa kusunga ndalama akanalandira nyenyezi zonse. M'malingaliro ake onse munalibe munthu wina kupatula iye mwini, ndipo n'chifukwa chake anatchedwa wopusa.

Wina anganene kuti ndikukuza nkhani. Ana amadziwa kuti masewera ndi masewera. Mwana wowombera anzake ndi mfuti yadongo sakula kukhala chigawenga, ndipo anthu ambiri amene anasewera Monopoly ndi owolowa manja. Izi n'zoona, ndipo sindikunena kuti masewera amodzi angasandutse mwana kukhala wakatapila. Koma amene amagulitsa masewerawa sangadye uku ndi uku. Amatiuza kuti mwana wosunga ndalama zabodza pagalasi adzazolowera kusunga zenizeni. Ngati chizolowezi chingadutse pagalasi n'kulowa m'moyo, ndiye kuti chimadutsa ndi katundu wake yense, kuphatikizapo kuona wogula ngati nambala. Ngati sichidutsa, masewerawo sakuphunzitsa zimene amalonjeza. Kafukufuku akuonetsa kuti kudutsako n'kovuta kuposa mmene timaganizira. Mu 1985 ofufuza a ku Recife ku Brazil, Terezinha Carraher, David Carraher ndi Analúcia Schliemann, anapeza kuti ana ogulitsa malonda mumsewu ankakhoza pafupifupi mafunso onse akafunsidwa ngati ndi wogula, koma masamu omwewo atalembedwa papepala ankakhoza 37 peresenti yokha. Mwana wina atafunsidwa mtengo wa kokonati 10 pa 35 imodzi, anawerengera m'mutu kuti zitatu ndi 105, n'kuphatikiza katatu, n'kuwonjezera imodzi, napeza 350. Mu 2025 Abhijit Banerjee, Esther Duflo ndi anzawo anafalitsa zofanana ndi zimenezi zochokera m'misika ya Kolkata ndi Delhi, ndipo anaonanso mbali inayo: ana apasukulu okhoza masamu a m'buku ankalephera masamu a pamsika. Luso limakonda kukhala pamalo pamene linaphunziridwa. Chimene ndikuganiza kuti chimayenda mosavuta kuposa luso ndi kaonedwe ka zinthu, funso loyamba limene limabwera m'mutu munthu akaona ndalama. Limenelo mwana sachita kuloweza, amangolizolowera.

Chitsutso champhamvu kuposa chimenechi chimachokera kwa anthu amene amadziwa umphawi. Iwo amati kukayikira ndalama ndi mwayi wa anthu okhuta. Mwana wa m'mudzi amene sadziwa peresenti ndi amene adzasaine katapila wobweza kawiri, adzagulitse chimanga chake chonse pa mtengo wolira mu Meyi n'kudzachigulanso modula mu Januwale, adzanamizidwe ndi uthenga wa pafoni woti wawina. Amakumbutsanso kuti Yesu yemweyo anapereka fanizo la matalente, m'mene wantchito wokwirira ndalama pansi ndi amene anadzudzulidwa. Ndipo umboni wina uli kumbali yawo. Ngakhale kuti mu 2014 Daniel Fernandes, John Lynch ndi Richard Netemeyer, atasanthula kafukufuku 201, anapeza kuti maphunziro a zachuma amasintha khalidwe la anthu pang'ono kwambiri ndipo mphamvu yake imazilala pakapita miyezi, gulu la Tim Kaiser ndi Annamaria Lusardi mu 2022 linasanthula zoyesa 76 za m'maiko 33 n'kupeza kuti maphunzirowa amathandiza ndithu. Ine ndikuvomera zonsezi ndi mtima wonse. Mwana aliyense adziwe kuti chiwongola dzanja cha 20 peresenti pamwezi chimatanthauza chiyani pakatha chaka, ndipo ngati tabuleti ingamuphunzitse zimenezi mwamsanga kuposa mphunzitsi amene ali ndi ana 100 m'kalasi, ibwere lero lomwe. Chipembedzo chimene chingasiye mwana ali mbuli pa masamu pofuna kuteteza mtima wake chamupereka m'manja mwa akuba.

Komatu chitsutso chimenechi chikatsatidwa mpaka kumapeto chimatembenukira masewera omwewo. Ambiri a iwo anapangidwira maiko amene ndalama yosungidwa kubanki imakula pang'onopang'ono ndipo mitengo sisuntha kwambiri. Amaphunzitsa kuti wosunga amapambana nthawi zonse. Mwana wa ku Malawi amene makolo ake anasunga makwacha mu Okutobala 2023 anaona ndalamayo ikugwa ndi 44 peresenti mwezi wotsatira, popanda cholakwa chilichonse cha makolowo. Anthu osauka kuno amapulumuka ndi zinthu zimene wosewera ali yekhayekha pagalasi sangazione: banki m'khonde, chipereganyu, mbuzi yosungitsa kwa achimwene, mlongo wa ku Johannesburg wotumiza kangachepe, mpingo kapena mzikiti wosonkha pamavuto. Zonsezi ndi masamu, ndipo ndi masamu ovuta, koma ndi a anthu ambiri odalirana. Palinso china chozama. M'masewera abwino aliwonse wosewera bwino amapambana, apo ayi ana angawasiye. Ndiye kuti m'dziko la pagalasi wosauka ndi amene wasewera molakwa. Ichi ndi chiphunzitso cha abwenzi a Yobu, amene ankaumirira kuti tsoka la mnzawo liyenera kukhala ndi tchimo kumbuyo kwake, ndipo buku la Yobu linalembedwa kuti liwatsutse. Mwana wa mlimi amene munda wake unakokoloka ndi namondwe Freddy mu 2023 sayenera kuphunzira, ngakhale mwakachetechete, kuti bambo ake analephera masewera.

Okonza masewera ena anamva madandaulo otere ndipo anapeza yankho looneka lanzeru. Anaika mitsuko itatu pagalasi, wina wa zogwiritsa ntchito, wina wosunga, wina wopereka, ndipo mwana akaponya ndalama mumtsuko wopereka amalandira mapointi. Cholinga n'chabwino, koma apa ndi pamene malire a masewera amaonekera bwino. Mu 1973 Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett anatenga ana a sukulu ya mkaka amene ankakonda kujambula mwa iwo okha. Ena anawalonjeza satifiketi akajambula, ena sanawalonjeze kanthu. Patapita masiku, ana olonjezedwa aja ankajambula mochepa kuposa anzawo mphoto itachoka. Ku Haifa ku Israel, Uri Gneezy ndi Aldo Rustichini anaona zimene zinachitika sukulu za mkaka zitayamba kulipiritsa makolo obwera mochedwa kudzatenga ana: ochedwa anachuluka, ndipo chindapusa chitachotsedwa sanabwerere mwakale. Manyazi osungitsa mphunzitsi anali atasanduka mtengo wolipira. Chimodzimodzi, kupereka kumene kumabweza mapointi nthawi yomweyo kwasanduka malonda ena, ndipo mwana wochenjera adzawerengera kuti apereke zingati kuti akwere msanga. Ulaliki wa paphiri umalangiza kupereka mobisa, ndipo mayi wamasiye wa pa Marko 12 anayamikiridwa chifukwa choponya zonse zimene anali nazo, osati chifukwa cha kuchuluka kwa zimene anaponya. Makina amadziwa kuwerenga zimene zaponyedwa. Kupereka kwenikweni kumafuna kuti wopereka ataye kanthu kamene sikabwerera, kwa munthu amene akusowadi, ndipo zinthu ziwirizi pagalasi palibe. Tiyenera kuvomerezanso kuti maguwa ena a masiku ano amalalikira chopereka chobweza mapointi chomwechi, ndipo alibe chifukwa chonyozera tabuleti.

Pali masewera ena amene vuto lake silifuna nzeru zakuya kuti lioneke, chifukwa iwo eni ndi amalonda. Mu Febuluwale 2021 mabungwe oposa 20 oteteza ana ku America anakadandaula ku bungwe la boma loyang'anira malonda la Federal Trade Commission za Prodigy, masewera a masamu a kampani ya ku Canada amene aphunzitsi ambiri ankapatsa ana ngati aulere. Dandaulo lawo linali lakuti ana akamasewera kunyumba ankaona mauthenga ambirimbiri owakopa kuti makolo alipire umembala, ndipo olipira ankalandira zovala, ziweto ndi mphoto zoposa za anzawo, moti m'kalasi aliyense ankadziwa wolipira ndi wosalipira. Kampaniyo inakana kuti ikulakwa, n'kunena kuti masamu onse ndi aulere. Ngakhale titatenga mawu a kampaniyo, phunziro la ndalama limene mwana amatola pamenepo n'loonekeratu: mwana wa wolemera amawala ngakhale masamu ake ali ofanana ndi ako. Dziko la Belgium mu 2018 linagamula kuti mabokosi amwayi ogulidwa ndi ndalama m'masewera ena a pa kompyuta ndi juga. Kwathu kuno, kumene mashopu a beti afika m'matauni ang'onoang'ono ndipo kubetcha kumatheka pafoni, mwana wozolowera kudina n'kudikira mphoto yosadziwika wakonzedwa kale njira. Apa m'pofunika chilungamo: matabuleti a m'sukulu za boma aja sagulitsa kanthu kwa mwana, ndipo kuwaika m'thumba limodzi ndi masewera otsatsa malonda kungakhale kunama.

Chatsala ndi chitsutso chimene chimatiyang'ana ife akuluakulu. Kodi kunyumba ndi kumene ana amaphunzira bwino za ndalama? Ambiri amaona bambo akubisira mayi malipiro, amaona achibale akulanda katundu wa masiye maliro asanathe, amatumidwa kukanena kuti kulibe anthu wangongole akagogoda. Ana ogulitsa mandasi ndi madzi ozizira m'madepoti amadziwa nkhope za ogula, inde, koma ambiri a iwo ali pamenepo chifukwa sali m'kalasi, ndipo palibe munthu wanzeru angasirire maphunziro otero. Zonsezi n'zoona, ndipo zikutiletsa kulankhula ngati kale zonse zinali bwino. Komabe pali kusiyana kumodzi kumene sikuchoka. Mwana amene watumidwa kukagula mchere n'kubwera ndi chenje chopitirira, mayi ake n'kumubweza kuti akapereke kwa mwini okala, waphunzira kuchotsera ndiponso waphunzira kuti kumbali inayo ya masamuwo kuli munthu amene akanalira madzulo powerenga ndalama zake. Ngakhale kumasanje, kumene ana ankamanga timisasa m'munda mukatha kukolola n'kumaphika zokunkha, chakudya chinali chenicheni, ndipo wogawa mokondera ankamva madandaulo a anzake nthawi yomweyo. Masewera a ana okhaokha amakhala ndi oluza amene amalankhula. Pagalasi woluza ndi chithunzi, ndipo chithunzi sichidandaula.

N'chifukwa chake sindikuona kuti yankho ndi kuletsa masewerawa, kapena kuwathira mavesi pamwamba. Ntchito imene amaichita bwino, yophunzitsa kuphatikiza, kugawa, peresenti ndi kuwerengera chenje mosatopa ndi mosakalipa, aichite mokwanira. Koma pamene afika ponena kuti wapambana ndani pa nkhani ya chuma, pakufunika munthu wamkulu pambali amene angafunse mwana zimene makina safunsa: amene wagula pa mtengo wokwerawo anali ndani, amene wagwa uja apita kuti, nanga ungasinthe lamulo liti kuti masewerawa akhale achilungamo? Funso lomalizali ndi limene Magie ankafuna pamene anaika malamulo a mitundu iwiri pa bolodi limodzi, kuti osewera aone kuti malamulo a chuma amapangidwa ndi anthu ndipo anthu angathe kuwasintha. Palibe chimene chingaletse okonza mapulogalamu a m'Chichewa kupanga masewera a banki m'khonde, oti ana asanu agwiritse tabuleti imodzi, asonkhe masheya, akongozane, wina adwale pakati pa chaka, ndipo akambirane okha ngati amukhululukire chiwongola dzanja, makina n'kungowawerengera zotsatira za chisankho chilichonse popanda kunena kuti chabwino n'chiti. Masamu a mmenemo angakhale ovuta kuposa a Lemonade Stand. Unduna wa Zamaphunziro, makomiti a sukulu ndi mipingo imene ili ndi sukulu zake ali ndi mphamvu yofunsa zimenezi asanavomereze pulogalamu iliyonse ya zachuma, ndipo poyambira pake ndi pophweka: wina mwa iwo akhale pansi, asewere masewerawo mpaka kumapeto, aone chimene chimalembedwa pagalasi lomaliza ndi chimene mwana wachita kuti afikepo.